Nambala Yanu Inatsala M'gulu la Alangizi

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Miyendo ija inaleka kutupa? Ine ndimadziuza kuti inaleka, ndipo ndikakuganizirani ndimakuonani mukuyenda mothamanga ngati kale, chitenje mutamanga m'chiuno, mukukalipira aliyense wokoka mapazi kumbuyo kwanu. Kuno ku Mwase tilipo ndithu. Mphepo yatha, dzuwa layamba kuluma, ndipo ndayala mphasa pansi pa mango anu aja kuti ndikuuzeni za kumudzi. Ndikudziwa kuti munkadana nazo zomva nkhani za pakhomo panu kwa anthu odutsa.

Ndiyambe ndi zokoma. Mkazi wa mwana wanu Dalitso wachira ku Lusaka, mwana wamwamuna. Atitumizira zithunzi, ndipo mphuno ndi ya malemu abambo yeniyeni, ija munkati imanunkhiza ndiwo za ku Chikomeni mwini wake ali kuno. Dalitso akuti abwera naye pa Khirisimasi kuti adzaone kwawo. Ng'ombe yanu yamawanga nayo yabereka kakakazi, kaukali ngati make. Chimanga tinapeza chokwanira ngakhale mvula inadukiza pakati. Koma mtedza wanu uja wa chalimbana, Amayi, mbewu imene munabisa m'chigubu n'kutiletsa kukazingako ngakhale kamodzi, wabereka mpaka kuchititsa manyazi minda yoyandikana nayo. Pokumba ndinalira, poti mizere yoyamba ija munadzala nokha musanagwe pamphasa.

Denga la khitchini likudonthabe. Mkamwini wanu akuti alikonza mvula isanagwe, monga ananenera chaka chatha. Ndinamukumbutsa kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, iye n'kuseka, akuti ndayamba kulankhula ngati inu. Sindinadziwe ngati akundiyamikira kapena akudandaula.

Koma nkhani imene yandikhazika pamphasa pano ndi ya mnzanu wa dzina, Esinati wanga. Watalika, Amayi, wandifika kale paphewa, ndipo alemba mayeso a giredi seveni chaka chomwe chino. Kutalikako kusakunamizeni. Zaka khumi ndi zitatu ndi umwana ndithu. Amasewerabe phada kuseri kwa nyumba, ndipo akapeza chule m'bafa amakuwa mpaka agalu a mudzi wonse kuyankha.

Mukukumbukira foni ija anakugulirani Dalitso, imene munkaigwira ndi manja awiri ngati mbale ya msuzi? Tsiku logawa katundu wanu, achibale anagwirizana kuti ipite kwa Esinati, poti ndiye anatenga dzina lanu. Palibe anaganizako zosintha nambala. Ine ndinakondwera nazo, chifukwa ndikamuimbira mwanayo pafoni yanga pankalembedwabe kuti Amayi. Miyezi yoyamba ankangojambula nkhuku ndi kusewera timagemu, poti analibe mabandulo a intaneti. Mayeso atayandikira, aphunzitsi ake anatsegula gulu la pafoni lotumiziramo mafunso obwereza, ndipo abambo ake anayamba kumugulira mabandulowo. Tinkanyada tikamuona ali zyoli pafoni, tinkati mwana akuwerenga.

Chimene tonse tinaiwala ndi gulu lanu lija la alangizi, limene munatsegula ndi mnzanu wa pamtima, a Nyazimba a ku Mphamba, atsikana okwatiwa atayamba kuchuluka m'matauni. Munkati ngati namwali sangabwere kwa alangizi, mawu a alangizi amutsatire. Munkajambulamo malangizo a banja ndi nyimbo za m'nyumba yotseka, ndipo wolowamo anali mayi wapabanja yekha amene inu mukumudziwa. Ine ndilimo, koma chichokereni kumanda sindinkalitsegula, chifukwa ndikangoona dzina lanu pamndandanda mtima unkandithawa. Nambala yanu inatsala momwemo. Aliyense ankaiona, ndipo panalibe wolimba mtima woti aikhudze.

Loweruka lina masana ndinali kupeta mtedza kuseri kwa nkhokwe, Esinati akutsuka mbale pathandala. Ndinangomva nyimbo. Amayi, inali nyimbo yanu, ndipo ankaiimba ndi kapotoledwe kanu komwe, mpaka kakupuma kaja munkapuma pakati. Thupi lonse linachita tsemwe. Kwa kanthawi ndinamwetulira ngati chitsiru, lichero lili m'manja, kuganiza kuti mwabwera. Kenaka mawu a nyimboyo anandilowa bwino m'khutu, ndipo ndinakumbuka kumene ndinaimvera koyamba: m'nyumba ya a Nyazimba, mawindo atatchingidwa ndi mabulangete, ukwati wanga uli pafupi. Lichero linagwa, nkhuku n'kuchita phwando.

Mukumudziwa mwana wanu, mtima wapachala ndinatengera inu. Ndinali nditathyola kale kamtengo. Chinandigwira dzanja ndi mawu anu aja munkanena ana akabwereza zonyansa zimene amva kwa akulu, akuti khutu lilibe chivindikiro, wolakwa ndi amene wasiya chitseko pululu. Ndinataya kamtengoko n'kumuitana monga ndimamuitanira ndikafuna kumunyengerera, poti ndi dzina lanu.

"Amama, bwelani kuno. Nyimbo iyo mwaimvela kuti?"

Anayang'ana pansi, manja akudontha sopo. "Mu foni ya ambuya."

"Anakutumila ndani?"

"Palibe. Ili chabe mu gulupu. Nenze kufuna kumva mau awo. Nikaika foni kukhutu, amakhala monga ali pafupi."

Mkwiyo wonse unandithera pomwepo. Mwana uyu ankagona kumbuyo kwanu chilekere kuyamwa, ndipo pamaliro anu sanalire kwambiri, tonse n'kumati ndi wolimba mtima. Pamene ife tinkati akuwerenga, iye anali kukufunafunani m'foni, kutsegula uthenga uliwonse wokhala ndi dzina lanu. Tanthauzo la nyimboyo sankalidziwa n'komwe. Ankangotsata mawu a agogo ake.

Zikanathera pa nyimbo, bwenzi ndikukuuzani moseka. Ndinatenga foniyo n'kutsegula gululo, ndipo sindinalizindikire. Tiwonge, mwana wa amayi aang'ono, akukwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Chipata, ndiye pokonzekera ukwatiwo aliyense ankangolowetsa mnzake, mnzakeyo n'kulowetsanso wina, mpaka gulu linadzaza ndi manambala achilendo. Ena mwa amenewa ankati akuthandiza kulanga namwali, n'kumaponyamo mavidiyo olaula ongotola pa intaneti, pansi pake n'kuikapo tinkhope toseka. Inu munkaphunzitsa mwaulemu, mophiphiritsa, munthu n'kutuluka m'nyumba muja akudzilemekeza. Izi zinali nyansi chabe. Ine, mayi wa ana atatu, ndinaivundikira foniyo pamphasa.

Ndinamufunsa ngati nazonso anaziona. Anavomera ndi mutu, misozi ili mbwembwembwe.

"Vinanichititsa mantha, amama. Nenze kuopa kukuuzani, kuti muzanilanda foni, ndiye ambuya sinizawamvanso."

Pamenepo ndinakumbuka kuti kwa masabata angapo mwanayu ankangonyomola chakudya, kuseka kunali kutachepa, ndipo abambo ake akamulankhula ankayang'ana kumbali. Ine ndinkati ndi mantha a mayeso. Zinandiwawa, Amayi, ndipo zikundiwawabe pamene ndikulemba pano, kuti mwana wanga ananyamula katundu wotere yekha ine ndili pakhomo pomwepo. Ndinamukumbatira n'kumuuza kuti sanalakwe kanthu, kuti olakwa ndi ife akulu, ndipo kuti zimene anaonazo si mmene anthu okondana amakhalira, ndi zamalonda za anthu opanda manyazi. Ndinamuuzanso kuti chilichonse chomuopsa kapena chomuzunguza azibwera nacho kwa ine, sindidzamumenya. Tinakhala pamphasapo mpaka mbale zinauma zokha ndi sopo wake.

Ndikanatha kungotuluka m'gululo pafoni yomweyo, nkhani n'kutha. Koma ndinaganiza: pa mafoni a azimayi onse palembedwa dzina lanu, kuti a Nyaphiri atuluka, ndipo ena akakomokera kumadimba. Komanso ndinadzifunsa kuti ngati wanga waona, wa ena ndi angati? Ndinatsekera foniyo m'sutikesi, ndipo m'mawa mwake titaweruka kutchalitchi ndinakwera minibasi kupita ku Mphamba.

A Nyazimba akalamba, Amayi, chichokereni inu. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba, magalasi ali pansonga ya mphuno.

"Monile mwana wane! Mwauka uli ku Mwase?"

Titapatsana moni ndinawafotokozera zonse. Anagwira pakamwa, nyemba n'kutayika. Za mavidiyozo anati anaziona kamodzi n'kuleka kutsegula chilichonse chochokera kwa anthu osawadziwa, koma anachita manyazi kudzudzula alendo a Tiwonge. Nditanena kuti nambala yanu iyenera kuchotsedwa, nkhope inasintha.

"Yayi! Mnyane nimufumye ine? Ine nichotse mnzanga? Tinamuika kale kamodzi m'dothi. Manje nimuike kawili?"

Kenaka anandiululira chinthu chimene sanauzepo munthu. Akuti chichokereni inu, nthawi zina ankajambula mawu m'gulumo ongopereka moni kwa amayi onse, koma mumtima akupereka kwa inu. Wina anawaonetsa pamene foni imasonyeza mayina a anthu amene amvera uthenga. Kwa miyezi dzina lanu silinkaoneka. Ndiye tsiku lina nyengo yozizira ija, atayang'ana, anangoona a Nyaphiri amvera.

"Nenze kudziwa kuti ni vinthu va mafoni," anatero akupukuta magalasi ndi chitenje, "kweni mtima wane unati, Nyaphiri akali kutimvela. Nachita kumuuza na vya msana wane."

Amayi, tinaseka mpaka kugwirana. Ganizani, mdzukulu wanu akumvera madandaulo a msana wa a Nyazimba, iwo ali kuno kukondwa kuti mizimu yayamba kugula mabandulo. Koma kusekako kunasanduka kulira osadziwa pamene kwasinthira. Ndinaona kuti khoswe wakhala pamkhate. Kuti ndimuteteze mwana, ndinayenera kulanda nkhalamba iyi kachitonthozo kake kokhako, ndi kangakanso komwe.

Ndinawakumbutsa za inu. Ndinati, kodi mwaiwala pamene mnzanu ankakhala tsiku la chilangizo? Inu Amayi simunkakhala pafupi ndi namwali ayi, munkakhala pakhomo penipeni, miyendo mutatambasula, tsache lili pambali. Mayi aliyense wachilendo munkamufunsa kuti unalangidwa kuti, ndipo anakulanga ndani. Mukukumbukira dona uja wa ku boma, wa nsapato zazitali, amene munamubweza chifukwa anabwera ndi kamtsikana komunyamulira chikwama? Anatukwana m'Chingerezi, inu n'kumuyankha kuti zikomo, pitani bwino. Ngakhale ine munandithamangitsa ndi tsache lomwelo, ndili msinkhu wa Esinati, mutandipeza ndikusuzumira pawindo. Ndinalira tsiku lonse. Madzulo munandipatsa mtedza wokazinga m'kambale, n'kunena kuti: "Chitseko si udani, mwananga. Nthawi yako ikadzakwana ndidzakutsegulira ndekha." Ndipo munadzanditseguliradi.

"Amama," ndinawauza a Nyazimba, "amene akumvela kuja si mnzanu, ni mwana. Mnzanu akanakhalapo, akanatikwapula tonse na tsache."

Anayamba kutola nyemba zija imodziimodzi. Pomaliza anati, "Uwaitane wose pa Chinayi."

Lachinayi titatha mapemphero a amayi tinasonkhana kwa amayi aang'ono, ndipo a Nyazimba anabwera pa minibasi ndi msana wawo womwewo. Dzina la Esinati sindinalitchule, ndinangoti mwana wina waona zosayenera kudzera m'gulu lathu. Kenaka ndinafunsa kuti amene foni yake sigwiridwa ndi mwana akweze dzanja. Azimayi anayang'anana. Wina anati maso ake ndi ofooka, mauthenga amamutsegulira mwana wake wa giredi sikisi. Wina anati foni yake imapita kokatchaja kugolosale ndi adzukulu, ndipo imabwerako yotentha. Nambala ina titaiimbira, anayankha mwamuna wa mawu okhuthala, akuti foniyo anaigula kwa mlamu wake. Kunali kuseka kwa manyazi, aliyense ataphimba nkhope ndi chitenje. Takhala tikuchitira mwambo pabwalo, ana atakhala mzere wakutsogolo, ife n'kumati tatseka chitseko.

Sikuti onse anavomera ayi. Panali mtsikana wina wa ku Chipata, mnzake wa Tiwonge, wazikhadabo zopaka utoto.

"Koma iyi ni gulupu ya akulu," anatero. "Aliyense asamale foni yake. Elo ana a masiku ano adziwa kale vonse."

Apa mwana wanu ndinaphulika. Ndinati ngati adziwa kale zonse, amene ndikunenayo analiriranji? Ndinamuuza kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo tsiku lina adzabereka wake, adzaona ngati adzalankhule choncho. Ndinanenanso zina zimene sindilemba pano, mungandikoke khutu. Amene anaziziritsa nkhani ndi Tiwonge mwiniwake. Analankhula motsitsa mawu kuti mavidiyowo nayenso ankamuopsa, ankangosowa ponenera, ndipo chimene iye akufuna ndi kulangidwa m'nyumba ngati mmene analangidwira amake. Mtsikana wa ku Chipata uja pambuyo pake anabwera kudzandipepesa. Si woipa mtima, kungoti sanakuleko ndi munthu ngati inu.

Tinagwirizana kuti malangizo abwerere m'nyumba yotseka, ndipo namwali wakutali aziimbiridwa foni payekha ndi mlangizi wake. Gulu litsale la kuuzana masiku ndi za amene abweretse nkhuni kapena ufa. Woponyamo zolaula azituluka tsiku lomwelo, kaya ndi mlendo wa ndani. Olowetsa anthu tikhale awiri okha, a Nyazimba ndi ine, ndipo tisanalowetse munthu tizimuimbira, timve mawu ake, timufunse funso lanu lija, kuwonjezapo lakuti foniyo amaigwiranso ndani. Manambala achilendo tinayamba kuwachotsa pomwepo, a Nyazimba akutchula, azimayi akuyankha kuti timudziwa kapena sitimudziwa. Zinkayenda mwachangu, mwina n'kuseka komwe, mpaka tinafika pa dzina lanu.

A Nyazimba anayang'ana foni, kenaka anandiyang'ana ine.

"Ine ningakwaniske yayi. Ndiwe mwana wawo, wapelekeze ndiwe."

Ndinatsegula pafoni yanga. Kachithunzi kanu kanali kaja ka pa ukwati wa Dalitso, duku litapendekeka, mukuseka wojambula. Foni inandifunsa ngati ndikutsimikiza. Amayi, tsiku la maliro ndinali ndi anthu ondigwira mbali zonse, ndipo dothi anathira ndi ena. Apa chala chinali changa. Ndinaganiza za Esinati atagwira foni kukhutu, akukufunani pakati pa nyansi zija, ndipo ndinadina. Pa mafoni onse panatuluka kamzere kakuti Misozi wachotsa a Nyaphiri. Amayi aang'ono anayamba kusisima. A Nyazimba anakweza dzanja ngati akutsazika munthu wokwera basi, n'kunena kuti, "Mwende makola, mnyane. Pakhomo tikhalapo ise."

Nditafika kunyumba ndinafufuta zonse za gululo m'foni ya Esinati, mawu anu omwe, ndisanamubwezere. Anailandira, koma ndinaona mmene anaigwirira, ngati chigoba cha mtedza chopanda kanthu m'kati. Ndiye ndinafufuza m'foni yanga mpaka ndinapeza uthenga wanu umodzi wopanda mwambo uliwonse. Ndi uja mukukalipira azimayi kuti achedwa, ndi kuti amene anabwereka poto wanu wamkulu abweze asanakalambe naye, kenaka tambala akulira pafupi n'kukudulani mawu, inu n'kuyamba kumukalipira tambalayo mpaka kuseka nokha. Ndinamutumizira umenewo. Amaumvera m'mawa uliwonse asanapite kusukulu, ndipo amaseka pamalo pomwepo pa tambala. Wayambanso kudya bwino, ndipo dzulo ndinamumva akukangana ndi anzake pa phada. Foniyo tsopano imagona kuchipinda kwanga, ndipo timaitsegula limodzi, iye akudziwa chifukwa chake. A Nyazimba nawo ndinawatumizira uthenga womwewo. Akuti potoyo ali kwa iwo.

Musandikwiyire, Amayi, kuti ndinakuchotsani pakati pa anzanu. Ndikudziwa kuti mukanachita chimodzimodzi, mwinanso mofulumira kuposa ine. Mawu anu ena onse, nyimbo zija ndi malangizo aja, ali m'foni yanga, ndinawatsekera ndi nambala yachinsinsi imene ngakhale mkamwini wanu saidziwa. Esinati anandifunsa ngati adzawamvenso. Ndinamukazingira chalimbana wanu m'kambale, ndipo mukudziwa kale zimene ndinamuyankha.

Mupereke moni kwa abambo, muwauze za mphuno ya mdzukulu wawo. Ndimakusowani tsiku lililonse, ndipo ndimakukondani monga kale. Ndikulonjeza kuti pakhomo paja ndikhalapo, miyendo nditatambasula, mpaka mnzanu wa dzina adzakule. Tsiku lake likadzafika ndidzatchinga mawindo, ndidzaika foni pamphasa pakati pathu, ndipo mudzamulanga nokha.

Ndine mwana wanu,
Misozi